Chifu Changa ndi Chilolezo cha Achimwene

Amene anayamba kundibweretsera nkhani imeneyi ndi Charity Zulu, mnzanga wa ku Chipata amene tinkakankha naye tirole ya tiyi kuntchito. Ndayamba ndi dzina lake dala, chifukwa inu ana anga, Tadala ndi Yamikani, mpaka lero mumaganiza kuti nzeru yoti ndidulidwe chifu inachokera kwa dokotala. Ayi ndithu. Inachokera kwa Charity, masana ena m'kakhitchini kathu ka ku ofesi, ine nditakhala pa mpando, nsapato nditavula, ndikusisita maondo. Analowa akuwefuka, chitseko osatseka n'komwe.

"Amake Tadala, mwamvela? Ba kampani manje bazayamba kulipilila opaleshoni yochepesa chifu. Ise banthu bakulu-bakulu batikumbukila! Ine nizalembesa first, imwe second."

"Chifu changa chawalakwira chiyani a kampani?" ndinamufunsa.

"Chifu sichinalakwe. Ni maondo yanu yamene yalila. Simuyamvela mukakwela masitepe?"

Tinaseka mpaka ketulo inazima yokha. Sindinkadziwa kuti nkhani yoyamba ndi phwete imeneyi idzandifikitsa posankha chimodzi: kumvera mlongo wanga, kapena kupulumutsa miyendo yanga. Koma ndisathamange. Ndiyambe ndakuuzani mmene ndinafikira pa mpando umenewo.

Zaka zoyamba, ku Croydon

Kuno ndinabwera ndi ukwati. Bambo anu anakulira mu London muno, makolo awo atathawa kwathu nthawi ya mavuto a ndale. Zinthu zitasintha anabwera ku Dowa kudzaona manda a agogo awo, n'kundipeza ine ndikuyimba kwaya, mtsikana wolekeza Sitandade 7, wowonda ngati bango. Tsiku lotiperekeza, achimwene anga a Yotamu anawagwira bambo anu padzanja n'kunena kuti, "Alamu, Nambewe ndakubwerekani, sindinakupatseni. Chachikulu chilichonse chokhudza thupi lake, ndiyambe ndamva ine." Inu obadwira kuno mumvetse bwino pamenepa. Kwathu mkazi ndi ana ake ndi mbumba ya mlongo wake wamwamuna, ndipo iyeyo ndiye mwini mbumba. Matenda akakula, iye ndiye woyamba kuuzidwa. Maliro akagwa, iye ndiye amalongosola. Mwana wamkazi akapeza banja, a kuchimuna amakagogoda kwa iye, osati kwa bambo wobereka. Bambo anu, ngakhale anakulira pa tchipisi cha Angerezi, mawu a achimwenewo anawasunga ngati a m'Baibulo.

Ntchito yanga yoyamba inali yokolopa maofesi pafupi ndi siteshoni ya East Croydon, m'mamawa eni ake asanafike. Kapitawo wathu anali mayi wa ku Ghana dzina lake Comfort, wa mawu aakulu koma mtima wofewa. Ndiye anandiphunzitsa kugwira huva, makina opopera fumbi, mankhwala a m'chimbudzi amene saloledwa kusakaniza, ndi Chingerezi chokwanira kuti ndisasochere pa basi. Sabata yoyamba yomweyo ndinachita zoseketsa. Bwana wa ofesi ina, mzungu wamtali, anafika msanga n'kundipempha kiyi. Ine ndinagwada pansi monga ndinaleredwera, n'kupereka ndi manja awiri. Munthu uja anataya chikwama, n'kuyamba kufuula kuti wina abweretse madzi, poganiza kuti ndakomoka. Comfort anaseka mpaka kutsamira khoma. Kenako anandikokera pambali. "Mwana wa mayi anga," anatero, "kuno umagwadira Mulungu yekha. Enawa ungowauza kuti good morning." Malangizo amenewo anandithandiza zaka zonse zimene ndagwira ntchito m'dziko lino. Comfort anabwerera kwawo kalekale, koma ndimamutchulabe m'mapemphero.

Tadala atayamba sukulu, ku Lewisham

Nditaona kuti mwana wayamba sukulu, ndinapeza ntchito kunyumba yosungirako okalamba ku Lewisham, poyamba kochapira zovala, kenako kukhitchini. Kumeneko ndi kumene thupi linabwera. Antchito ankaperewera nthawi zonse. Wina akadwala, foni inkalira kwa ine, chifukwa mawu oti ayi ndinkachita nawo manyazi. Tinkadya choimirira, mothamanga, chilichonse chimene chili pafupi. Koma chimene chinkandipweteka kwambiri chinali kutaya chakudya. Agogo aja ankadya pang'ono, ndipo zotsala m'mapoto lamulo linali loti zipite m'bini: mbatata zosinja, nyama ya msuzi, kasitadi wotentha bwinobwino. Ine amene ndinaionapo njala ndi maso anga ku Dowa, dzanja linkakana. Ndinkati, Ambuye mundikhululukire, bini iyi sidziwa kuthokoza, bola ine ndimayamba ndapemphera. Wophika wamkulu, bambo wa ku Jamaica dzina lake Winston, ankandipeza ndi supuni m'manja n'kunena kuti, "Mayi, bini yabwera kudzadandaula kuti mukuilanda ntchito."

Musaganize kuti ndinkadandaula ndi thupilo. Ndikatumiza zithunzi kumudzi kunkakhala chimwemwe. Achimwene ankayenda nacho chithunzi changa m'thumba la jekete n'kumaonetsa anthu potuluka m'tchalitchi. "Tamuonani Nambewe wathu, khosi lachita kupanga mizere. Alamu akusunga!" Bambo anu akamva zimenezo ankayenda monyada tsiku lonse. Yamikani atabadwa thupi linawonjezekanso, ndipo silinabwererenso. Ndinakhala ku Lewisham zaka zambiri. Ndinatseka maso a agogo ena amene ana awo sanafike pa nthawi yake, ndinayimbira ena nyimbo za Chichewa zimene sankazimva koma ankagona nazo tulo. Ntchito imeneyo sinali yopepuka, koma sindinong'oneza bondo.

Titasamukira ku Woolwich

Ana atakula tinasamukira ku Woolwich, ndipo ndinalowa ntchito ku kampani ina yaikulu ya maloya m'mbali mwa mtsinje. Ndinkakwera DLR, kasitima kopanda dalaivala kaja, kamene masiku oyamba ndinkayamba ndakapempherera ndisanaponde. Ntchito inali yokankha tirole ya tiyi, khofi ndi masangweji kupita m'zipinda za misonkhano, kenako n'kukatolera makapu. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Charity. Bwana wathu anali Denise, mayi wobadwira konkuno, wolankhula mothamanga ngati akuthawa moto, koma wachilungamo. Vuto lake lalikulu ndi ine linali yunifolomu. Ankaitanitsa yaikulu kuposa zonse, ikafika mabatani ankakana kukumana. Akabweza, ina sinkabwera. Pomaliza ndinatenga maepuloni awiri kupita nawo kunyumba, n'kuwalumikiza pa makina anga osokera. M'mawa mwake Denise anandizungulira, n'kunena kuti ndasoka bwino kuposa a kufakitale, koma ndisauze munthu.

Poyamba ife a tiyi ndi okolopa tinali a kontirakiti, anthu olowera khomo lakumbuyo. Kenako akuluakulu anaganiza zotilemba kukhala antchito enieni a kampani. Mulungu awadalitse amene anayambitsa maganizo amenewo. Tinapatsidwa penshoni, ndi inshuwalansi ya chipatala yofanana ndi ya maloya ovala masuti. Koma nthawi imeneyo n'kuti thupi litayamba kundiukira. Anandipeza ndi shuga, BP inakwera, maondo ankalira ngati chitseko chakale. Kuchoka pa siteshoni kukafika ku ofesi ndinkapuma pa benchi iliyonse. Tirole ija inasanduka ndodo yanga. Anthu ankaona ngati ndikuikankha, pamene ine ndinkaitsamira. Dokotala wa mafupa anandiuza mosabisa kuti maondo sangawakonze thupi lisanatsike, ndipo ndikapitirira chomwecho ndidzathera pa njinga ya olumala. Ndinayesa zonse: masaladi, kusala, tiyi wowawa wa pamsika. Thupi linkachoka pang'ono, n'kubwerera ndi abale ake.

Chaka cha nkhani ya Charity

Ndiye Charity anabwera ndi nkhani yake ija. Tinakamufunsa Denise, iye n'kutsimikiza kuti n'zoona, inshuwalansi yawonjezera opaleshoni imeneyi kwa antchito onenepa kwambiri, bola madokotala avomereze. Tinapita tonse awiri kuchipatala. Choseketsa n'chakuti madokotala anamukana Charity. Anamuyeza n'kumuuza kuti thupi lake silinafike pamenepo, komanso alibe shuga kapena BP. Anatuluka m'chipindamo atakwiya. "Ati ndine mung'ono! Ine Charity! Kuchokela pamene ninabadwa kulibe munthu ananiuzapo so." Ine anandiyeza magazi, mtima, ngakhale kagonedwe. Anandikumanitsa ndi mayi wophunzitsa za zakudya, ndi wina wongofunsa za maganizo. Patapita miyezi anavomera. Anandifotokozera kuti sang'amba mimba yonse, amangoboola timabowo, n'kudula mbali yaikulu ya chifu n'kuitulutsa, chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi. Zoopsa zake sanandibisire, ndipo anandiuza kuti mavitamini ndidzamwa moyo wanga wonse. Nthawi yanga yopuma ntchito inali itayandikira, ndipo inshuwalansi imatha tsiku limene munthu watsanzika. Mzere wa kuchipatala cha boma unali wautali, maondo sakanadikira.

Kunyumba bambo anu anamvetsera zonse, kenako anavula magalasi. "Amake Tadala, ine ndikufuna muziyenda. Koma kuvomera ndekha sindingathe. Chinthu chitalakwika, a Yotamu ndikawayang'ana ndi maso ati? Imbani ku Dowa."

Tinaimba Loweruka masana pa vidiyo, pa foni ya alamu anga a Najere, akazi awo a achimwene. Achimwene anakhala pakhonde atavala jekete ngati ndi Lamulungu. Foni anaiyandikiza kwambiri moti tinkangoona mphuno ndi diso limodzi.

"Nambewe, mukudwala chifu?"

"Ayi achimwene, chifu chili bwino. Ndi maondo."

"Nanga odwala ndi maondo, wodulidwa n'kukhala chifu? Madokotala amenewo anaphunzira sukulu yake iti?"

Ndinafotokoza pang'onopang'ono kuti thupi lalemera, maondo atopa kulinyamula, ndipo chifu chikachepa munthu amakhuta msanga.

"Ndiye mukuti wolipira ndi bwana wanu? Bwana wamtundu wanji wolipira kuti wantchito wake adulidwe? Kapena waona kuti mukumuthera masikono?"

Alamu anaphulika ndi phwete kumbuyo, ndipo diso limodzi lija nalonso linaseka. Ndinaona ngati zatheka. Koma kenako achimwene anafunsa funso limene palibe aliyense wa ife analiganizira.

"Chodulidwacho chipita kuti?"

Ndinayang'ana bambo anu, bambo anu n'kuyang'ana ine.

"Nambewe, mukukumbuka amalume a Sitefano atawadula mwendo kuchipatala? Tinakautenga, tinaukulunga m'nsalu yoyera, tinakauika kumanda, pamalo pamene iwo anadzagona pambuyo pake. Munthu sagona mobalalika. Chifu chimenecho n'cha mbumba yanga. Akakupatsani kuti mukachiike m'nthaka mwaulemu, ndavomera. Apo ayi, ayi."

Funsolo ndinalinyamula mpaka kuchipatala. Nesi amene ankandiyang'anira, mayi wa ku Philippines, sanandiseke ngakhale pang'ono. Anati kwawonso kuli akuluakulu amene akanafunsa chimodzimodzi. Anapita kukafunsa, n'kubwera ndi yankho lakuti chodulidwacho chimayamba chapita kukayezedwa, amachiduladula n'kuchiika m'mankhwala, kenako chimatenthedwa mwa dongosolo la chipatala, ndipo iwo sakanatha kundibwezera. Anapepesa ngati wolakwa ndi iyeyo.

"Kutenthedwa!" anatero achimwene nditawauza. "Mbumba yanga itenthedwe ngati zinyalala ine ndili moyo? Nanga tsiku la kuuka mudzadzuka ndi chiyani?" Foni inaduka, ndipo sinali netiweki.

Inu mukhoza kuseka, koma ine funso limenelo linandilowa mumtima. Lamulungu titaweruka ndinawatsatira abusa athu mpaka pa galimoto. Anandimvetsera bwino, kenako anati, "Mayi, Mulungu amene anaumba munthu yense kuchokera ku dothi sangasowe chifu chimodzi. Nanga tsitsi ndi zikhadabo zimene mwakhala mukuwenga moyo wonse, munaziika manda ake ati?" Pa za kumwamba mtima unakhala pansi. Za ku Dowa ndizo zinatsala. Ndipo zinali zolemera, chifukwa chaka chomwecho iwe Tadala unali utationetsa mnyamata wako Daniel, ndipo makolo ake anali atayamba kufunsa za amalume. Bambo anu anandikumbutsa mofatsa. "A Yotamu akatisiya, mwanayu amuimirira ndani? Nkhoswe sitingakagule kusitolo." Iwe unayankha m'Chingerezi chako, "Mum, it's your body. Uncle doesn't climb our stairs." Ndinakuuza kuti thupi ndi langa inde, ndipo masitepe athu amalume ako sakwera, koma ine mwini wakene ndine wa anthu. Unangopukusa mutu n'kupita kuchipinda.

Lolemba kuntchito ndinamufotokozera Charity tikukonza makapu. Anaika manja m'chiuno.

"Amake Tadala, imwe muvutika na vinthu ving'ono maningi. Pa Woolwich pali butchala ogulisa vamukati va mbuzi. Tigule chifu chimozi, timange mu chitenje, tikumbe mu garden yanu. Batate ba Tadala bagwile Baibo, imwe mulileko pang'ono, ine nikope vidiyo. Ba malume bazaziba bwanji? Chifu ni chifu."

Ndinaseka mpaka misozi, Denise n'kusuzumira kudzaona ngati wina wapsa ndi madzi otentha. Koma Loweruka lotsatira miyendo inanditenga mpaka pa butchala pajapo. Ndinaima pa galasi ndikuyang'ana zifu za mbuzi zitasanjidwa pa thireyi, zoyera bwino. Wogulitsa anafunsa kuti, "How many, auntie?" Pamenepo ndinadziona ndekha nditagona pa tebulo la opaleshoni, osadziwa ngati ndidzuka, bodza lili m'kamwa, Baibulo la bambo anu litatsegulidwa pa manda a mbuzi. Ndinamuuza kuti andipatse mang'ina, n'kubwerera kunyumba.

Masiku otsatirawo ndinasala ndi kupemphera. Sindinamve mawu ochokera kumwamba ayi, koma m'mawa wina ndinalephera kutsika masitepe a m'nyumba mwathu, moti ndinachita kukhala pansi n'kumatsetsereka ngati mwana. Nditafika pansi ndinadziwa chochita. Ndinaimba ku Dowa ndekha, bambo anu ali kunja, kuti mlandu usawagwere.

"Achimwene, ndaimba kuti mumve kwa ine, osati kwa anthu. Opaleshoni ija ndilowa. Chifu adzachitentha, sindikunamizani. Mnzanga anandipangira nzeru yoti ndikwirire cha mbuzi ndikutumizireni chithunzi, ine ndakana. Mwandisunga kuyambira pamene amayi anatisiya, ndipo sindinaphwanyepo mawu anu. Koma ndikamvera lero, posachedwa mudzakhala ndi mlongo wathunthu pa njinga ya olumala, kapena wathunthu m'bokosi. Alamu anu musawaimbe mlandu, iwo anati ndikumvereni. Mlanduwu ndi wanga."

Ndinkamva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo.

"Mwatha?"

"Ndatha, achimwene."

"Ine sindinavomere."

Anapereka foni kwa alamu, ndipo ndinamva mapazi awo akuchoka. Ndinalira, sindibisa. Koma ndinalira mtima uli mbee.

Chaka cha mpeni ndi kasupuni

Asanandichite opaleshoni anandiika pa mkaka, yogati ndi msuzi wopanda kanthu, ati chiwindi chichepe kuti aone bwino podula. Taganizani, munthu wokankha masangweji tsiku lonse! Denise anachotsa mabisiketi m'kakhitchini kathu n'kukawatsekera mu ofesi yake. Charity anati asala nane limodzi, koma tsiku lachiwiri ndinamupeza kuseri kwa firiji masaya atatupa, akulumbira kuti ndi dzino. Tsiku la opaleshoni bambo anu anavala tayi ngati akupita ku intavyu. Tinapemphera m'chipinda chodikirira, nesi uja n'kuweramitsa nawo mutu. Nditatsitsimuka ndinaona nkhope ya Yamikani, mnyamata wamkulu wandevu, akulira ngati wa ku nazale. Ndinati, zikomo Ambuye, mwandibweza.

Masabata oyamba anali ovuta. Ndinkamwa msuzi ndi kasupuni ka tiyi, n'kukhuta ngati ndadya pa ukwati. Bambo anu ankakadyera m'galimoto kuti fungo lisandivute, mpaka neba wathu anafunsa ngati ndawathamangitsa. Tsitsi linathothoka kwa kanthawi, khungu linalendewera, ndipo ndinayamba kumva kuzizira kwa dziko lino kumene mafuta ankanditchinjiriza zaka zonse. Amayi a kumpingo, poona mmene ndikuthera, anabwera ndi mapoto kudzazonda matenda, ndipo anadya ndi ana anga ine ndikuyang'ana. Koma pang'onopang'ono dokotala anayamba kundichotsera mankhwala a shuga. Thupi litatsika anandikonza bondo lamanzere, lamanja linasiya lokha kudandaula. Tsiku limene ndinayenda kuchoka pa siteshoni mpaka ku ofesi osakhala pa benchi, ndinalowa m'kakhitchini n'kuyamba korasi. Charity anapolokezana nane, loya wina wachikulire n'kuima pakhomo ndi kapu yake kumvetsera mpaka tinamaliza.

Koma ku Dowa kunali zii. Ndikaimba ankayankha ndi alamu. "Ali kudimba." Mawa lake, "Angochoka kumene." Tsiku lina alamu anatsitsa mawu. "Alamu, musandiulule. Tsiku limene munalowa lija sanadye kanthu. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa, foni yanga ili m'manja. Uthenga wa bambo a Tadala utafika woti mwadzuka, anapempha phala, n'kundiopseza kuti ndikakuuzani ndibwerera kwathu." Mawu amenewo ndinawasunga mumtima, koma kukhululuka kunali kusanabwere, ndipo ine sindinkadziwa ngati kudzabwera.

Chaka chopuma ntchito

Ndinapuma ntchito ndikuyenda ndi miyendo yanga. Anandichitira phwando m'chipinda chachikulu cha misonkhano, chimene kwa zaka zonsezo ndinkalowamo ndi tirole. Tsiku limenelo tiyi anandithirira ndi Denise. Keke ndinalawa kachidutswa, yotsala Charity anaisamalira. Sabata yomweyo makolo a Daniel anatumiza mawu kuti akonzeka, akufuna kudziwa khomo logogoda. Panalibenso kozembera. Tinakhala pabalaza, iwe Tadala uli pambali panga ukudya zikhadabo, bambo anu atagwira foni. Ndinawapempha alamu kuti ulendo uno asandiuze za kudimba. Tinamva kukambirana chapansipansi, kenako mphuno ija inaonekera.

"Achimwene, ndine Nambewe. Tadala wapeza banja. A kuchimuna akufunsa khomo."

Sanayankhe za Tadala. Anati, "Imirirani ndikuoneni."

Ndinaimirira osagwira tebulo.

"Yendani."

Ndinayenda kukafika pakhomo n'kubwerera, bambo anu akunditsata ndi foni.

"Masitepe a m'nyumbamo ali kuti? Kwerani."

Ndinakwera mpaka pamwamba, n'kutsika choimirira, nkhope kutsogolo. Nditafika pansi achimwene anali atachotsa foni kumaso, moti kwa nthawi yoyamba tinaona nkhope yawo yonse. Anali akupukuta m'maso ndi mkono wa jekete, ati utsi wa kukhitchini.

"Mwatha ngati chingwe," anatero. "Koma mukuyenda."

"Ndikuyenda, achimwene."

"A kuchimunawo auzeni atume anthu awo, khomo ndi lomwe lija. Ine ndinakana mpeni, sindinakane mbumba. Koma alamu, mukhale mboni: sindinavomere. Tsiku lomaliza Mulungu akadzafunsa za chifu chimenecho, Nambewe adzayankhe yekha, ine asadzanditchule."

"Ndidzayankha ndekha, achimwene."

"Chabwino. Ndipo pa chinkhoswepo mbale yanu muzidzapatsira ine, poti ndamva mumadya ngati mwanapiye."

Iwe Tadala unafuula kuti, "Zikomo amalume!" m'Chichewa chomveka bwino, moti tonse tinakutembenukira modabwa. Chinkhoswe chinachitikira ku Dowa chilimwe chotsatira. Achimwene anaimirira pamaso pa anthu monga mwini mbumba, n'kukupereka ndi mawu awoawo. Ine ndinavina mpaka fumbi linafika pa bondo latsopanoli, ndipo mbale yanga inapitadi kwa iwo, anthu akuona.

Ndalemba izi kuti adzukulu anga adzadziwe kuti agogo awo anagwira ntchito ndi manja awo m'dziko la eni, kuti anakumana ndi mabwana abwino, ndipo kuti tsiku limodzi lokha pa moyo wawo anakana mawu a mlongo wawo, koma sanawanamize. Inu nonse amene mwawerenga mpaka pano, mukamagwada musatiiwale. Mukumbukire bambo a Tadala amene BP yayamba kuwavuta, Tadala ndi mwamuna wake amene akuyembekezera mphatso, Yamikani kuti apeze mkazi woopa Mulungu, ndi Charity m'bale wanga wa ku Chipata. Koposa onse mukumbukire alamu a Najere ndi achimwene a Yotamu ku Dowa, amene maso ayamba kuchita khungu, amene amaimba Loweruka lililonse kufunsa ngati ndadya, ndipo mpaka lero sanavomere.